Zipinda Zinayi Kuseri kwa Chitipi, Kapena Ziwiri ku Chilinde?

 Kaya muli pakhonde, kaya muli m'minibasi dalaivala wakweza wailesi, kaya mwatsamiritsa foni pawindo uku mukupeta mpunga, takulandirani. Lero tikambirana za nyumba. Nyumba zokongola zija timaziona pa kalendala tizisiye kaye. Ife tikamba za nyumba imene mphunzitsi, namwino, wageni, kapena bambo amene wangolandira kumene ndalama za penshoni angaifikire ndi zimene zili m'thumba mwake.

Ndiyambe ndi msuweni wanga. Sindimutchula dzina, chifukwa amamvera pulogalamu ino ndipo ndikufunabe kumadya nsima kwawo. Iyeyu amagwira ntchito ku Old Town mu Lilongwe, mkazi wake anali ndi benchi ya salaula mumsika waukulu. Anakhala pa lendi ku Kawale zaka zambiri, akusonkha pang'onopang'ono: chipereganyu kuntchito, banki mkhonde kwa amayi, ng'ombe ziwiri za malemu bambo ake zinagulitsidwa kumudzi. Ndalama zitakwana ndithu, panapezeka nyumba ziwiri za mtengo wofanana. Ina inali ku Chilinde, zipinda zogona ziwiri, pabwalo pongokwanira chingwe choyanikira zovala, makoma ofuna penti, oyandikana nawo akakazinga usipa fungo n'kulowa mpaka kuchipinda. Ina inali kuseri kwa Chitipi, mukasiya tala wa ku Mchinji n'kulowa mumsewu wafumbi: zipinda zinayi, pabalaza potakasuka, malata atsopano, bwalo loti mungalimepo chimanga n'kukolola matumba angapo.

Anasankha yaikuluyo. Tsiku lolowa m'nyumba tinapitako, tinadya mbuzi, azakhali analulutira, ndipo ine amene ndinamugwira chanza n'kunena kuti achimwene, apa ndiye mwagwira ntchito. Lero, zaka ziwiri zitadutsa, msuweni wanga kuyambira Lolemba mpaka Lachisanu amagona pa matiresi m'kachipinda ka lendi ku Biwi. Kunyumba kwake amapita Loweruka, ngati mlendo. Mwini zipinda zinayi akulipira landilodi chifukwa cha chipinda chimodzi.

Chinachitika n'chiyani? Palibe anamubera. Nyumbayo ndi yabwino mpaka lero, sidontha, sinang'ambike. Chimene sanawerengere ndi msewu. Pogula nyumba timawerenga zipinda, timagogoda khoma, timayang'ana kudenga, timafunsa ngati chimbudzi n'cham'nyumba. Koma ulendo wa tsiku ndi tsiku suoneka pa tsiku logula, chifukwa tsiku limenelo mumapita pa galimoto ya mnzanu, Loweruka masana, dzuwa likuwala, msewu uli mbee. Mtengo wa nyumba mumalipira kamodzi. Mtengo wa msewu mumalipira m'mawa uliwonse ndi madzulo aliwonse, mpaka tsiku limene mudzapume pantchito.

Tiyeni tichite kasamu, ndipo manambala awa ndi ongoyerekeza, inu muikepo a kwanu. Tinene kuti kukhala kutali kukuwonjezerani minibasi imodzi, kapena kabaza wokufikitsani pa tala, wa K1,500 popita ndi K1,500 pobwera. Ndiye K3,000 pa tsiku. Bambo ndi mayi onse akuyenda, yakwana K6,000. Masiku antchito 22 pa mwezi, yafika K132,000. Pa chaka ndi K1,584,000. Pa zaka khumi mwadutsa K15 miliyoni, ndipo apa sitinawerenge ana a sukulu, sitinawerenge ulendo wa kutchalitchi, wa kuchipatala, wa kumaliro, komanso tayerekeza kuti mtengo wa minibasi sukwera, chinthu chimene ngakhale mwana amadziwa kuti n'chosatheka. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tikukumbukira mizere ya galimoto yogona pa malo omwetsera mafuta. Mafuta akasowa, kondakitala amatchula mtengo umene wamukomera, ndipo mvula ikayamba madzulo amawonjezeranso. Wa ku Chilinde zikavuta amatha kuvula jekete n'kuyenda wapansi mpaka m'tauni. Wa kuseri kwa Chitipi amangoimirira pa siteji, kudikira chifundo.

Nanga nthawi? Ola limodzi lowonjezera popita, lina pobwera, pa mwezi ndi maola 44. Imeneyo ndi pafupifupi sabata yathunthu ya ntchito, yothera pampando wa anthu atatu pamene pakhala anayi, chigubu cha wina chili pamiyendo panu. Ana mumawasiya ali m'tulo, mumawapeza ali m'tulo. Pabalaza paja munapakonda chifukwa cha kukula kwake mumangodutsapo mumdima.

Pali chifukwa chake nkhani ya mtunda imawawa kwambiri ku Lilongwe kuposa kwina. Mzindawu unachita kukonzedwa kuti ukhale wotayana. Boma litaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, linakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation mu 1968, ndipo likulu linasamuka mu 1975. Okonza mapulani anaika maofesi a boma ku Capital Hill, mafakitale ku Kanengo, malonda akale anatsala ku Old Town, bwalo la ndege linapita ku Lumbadzi, ndipo pakati pa malo amenewa anasiya tchire ndi mitengo. Pa pepala zinali zokongola. Koma mzinda wotere umakomera munthu wa galimoto, pamene ambiri mwa ife ndi a minibasi, a njinga ndi a miyendo. Ngakhale manambala a madera aja asakupusitseni. Anaperekedwa motsatira nthawi imene deralo linatsegulidwa, osati motsatira mapu, choncho Area 24 ndi Area 25 zikumveka ngati khomo ndi khomo, chonsecho ina ili kum'mwera, ina kumpoto, mzinda wonse uli pakati. Mlendo wofuna nyumba amene amangomvera manambala pa foni amalira.

Ndiye mzindawo ukukula mothamanga. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 670,000 mu mzinda wa Lilongwe. Wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Blantyre inachoka pa anthu pafupifupi 660,000 kufika pa 800,000. Anthu onsewa akufuna pogona, ndipo malo a pafupi ndi ntchito sachulukana ngati nkhuku. N'chifukwa chake kanyumba kakang'ono ka Malawi Housing Corporation, bungwe limene linayamba mu 1964, kaja ka ku Area 18, ku Nkolokosa, ku Chitawira kapena ku Kanjedza, kamatchulidwa mtengo woti mungamangire chinyumba ku Mpemba kapena ku Lunzu. Anthu amadabwa, amati kanyumba kotereka ndalama zonsezi? Wogulayo sakulipira njerwa. Akulipira mpope umene unafika kale, waya wa ESCOM umene uli kale pakhoma, sukulu imene mwana angapiteko yekha, ndi maola aja tawerenga.

Tsopano ndisamveke ngati ndikunyoza nyumba yaikulu. Kuno kwathu kukula kwa nyumba si kunyada chabe ayi. Kalembera wa 2018 anati pakhomo pamakhala anthu anayi kapena asanu mwapakatikati, koma inu ndi ine tikudziwa kuti m'tauni nambala imeneyi imasintha ndi nyengo. Mwana wa achemwali wasankhidwa kusekondale ya m'tauni, akhala kwa malume. Agogo atumizidwa kuchipatala cha Kamuzu Central kapena cha Queens, iwo ndi wowadikirira afikira kwa inu. Mlamu wabwera kudzafuna ntchito, akuti ndi sabata ziwiri zokha, Khirisimasi yachiwiri ikumupeza pompo. Ana akamakula, wamwamuna ndi wamkazi sangagonenso chipinda chimodzi. Kumudzi timamanga gowelo kapena mphala, nanga m'tauni timange pati? Munthu wa zipinda ziwiri amadziwa ululu woyala mphasa pabalaza usiku uliwonse n'kuyalula mbandakucha alendo asanadzuke. Ndiponso bwalo lalikulu limadyetsa. Kamunda ka chimanga, mpiru, khola la nkhuku, mtengo wa mapeyala, zonsezi ndi ndalama zimene sizituluka m'thumba. Msuweni wanga uja sanali wopusa. Iye ndi woyamba kubadwa, ndipo pamene ankawerenga zipinda ankawerenga abale.

Koma apa ndi pamene ndikufuna timvetsetsane, chifukwa ambiri timasokoneza zinthu ziwiri: kukula kwa nyumba ndi kukula kwa poloti. Nyumba imakula. Tayang'anani m'madera akale onse, simudzapeza nyumba imene ili monga anaimangira poyamba. Uyu anawonjezera chipinda kumbuyo, uyu anatseka khonde n'kukhala khitchini, uyu anamanga boyizikota imene lero ikumulipirira fizi ya ana. Amalawi ambiri sitigula n'komwe nyumba yothaitha. Timagula malo, n'kuumba njerwa kapena kugula mabuloko chaka chino, maziko chaka chamawa, kufika m'mawindo chaka chinacho, malata akadzapezeka. Ngongole ya kubanki ndi ya ochepa. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo wobwereka wamba ankalipira chapompo kapena kuposa. Choncho kumanga pang'onopang'ono ndi luso limene tili nalo kale. Chipinda chachitatu mungathe kuchimanga zaka zitatu zikubwerazi. Koma palibe mmisiri amene angakunyamulireni poloti kuichotsa ku Nanjiri n'kukaitula ku Area 18.

Ndiye ine ndikamafunsidwa, ndimati yang'anani kanyumba kakang'ono kamene kali ndi mpata kumbuyo kapena m'mbali. Ogulitsa malo amakonda kunena kuti 15 kwa 30, kapena 20 kwa 30, kutanthauza mamita. Poloti ya 15 kwa 30 imene pakhala kanyumba ka zipinda ziwiri kutsogolo ili ndi tsogolo kuposa chinyumba chimene chadzaza poloti yonse mpaka kumpanda, mopanda ndi pokumba dzenje la chimbudzi china choyambacho chikadzaza. Tengani tepi, muyeze nokha. Mapazi a wogulitsa amatalika akamayeza malo.

Tsono mawu akuti "malo abwino" nawonso ali ndi msampha wake. Ena akamva zimenezi amaganiza za dzina la dera, kuti anthu akafunsa mumakhala kuti muyankhe motukula chifuwa. Dzina silitunga madzi. Malo abwino kwa inu ndi amene ali pafupi ndi moyo wanu, osati moyo wa abwana anu. Wogwira ntchito ku Kanengo, Area 25 kapena Lumbadzi ndi pafupi, pamene Area 36 ndi kutsidya kwa dziko. Wogwira ntchito ku Makata kapena ku Ginnery Corner mu Blantyre, Ndirande imene ena amainyoza ndi golide, chifukwa amayenda wapansi. Wa geni ku Limbe, Bangwe imamuyenera kuposa Chilomoni. Ndipo ngati ndinu opuma pantchito, simuthamangiranso belu la hafu seveni, kapena ntchito yanu ndi yoweta nkhuku ndi kusoka pakhomo, pamenepo samu yonse ija yatembenuka: pitani kutali, mukapume mpweya wabwino, bola chipatala chikhale chofikirika usiku. Funso limene ndimafunsa ndi lachidule: ndi minibasi zingati? Imodzi, tikambirane. Ziwiri, ganizani kawiri. Ziwiri ndi kabaza pamwamba, muwerenge ndalamazo pamaso pa akazi anu musanasaine kanthu.

Ndanena dala kuti pamaso pa akazi anu. Nthawi zambiri amene amapita kukaona nyumba ndi abambo, koma amene amasenza zotsatira zake pamutu, kunena zenizeni pamutu, ndi amayi ndi ana aakazi. Madzi. Nyumba ili ndi bafa la matailosi, shawa yonyezimira, sinki ya kukhitchini, koma paipi ya Water Board inathera makilomita awiri kumbuyoko. Zonse zija ndi zokongoletsa chabe. Amayi adzadzuka folo koloko kukaima pa mjigo kapena pa kiyosiki, zigubu zili ndondondo. Ku Lilongwe madzi amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, osungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mapaipi sathamanga liwiro limene anthu akudulira mapoloti m'minda ya m'mphepete mwa mzinda. Ku Blantyre nkhani yake ndi ya mapiri. Madzi ambiri amapopedwa kuchokera mu Shire ku Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kukwera chitunda chachikulu, ndipo magetsi akavuta mapampu amaima. Amene anamanga pamwamba chifukwa malo anali otchipa ndi ooneka patali, ndiye amayamba kuuma mpope, ndiyenso amamaliza kulandira. Musafunse wogulitsa ngati madzi amatuluka. Funsani mtsikana amene mwakumana naye atasenza ndowa.

Koma pafupi napo pali zake, ndisakubisireni. M'madera othithikana, chitsime cha uyu chimakhala mikono yochepa kuchokera pa chimbudzi cha uyo. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo Lilongwe ndi Blantyre zinakhudzidwa kwambiri moti sukulu za m'mizinda iwiriyi zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Kanyumba ka pafupi kamene madzi a mvula ochokera kwa anansi onse amathera pakhomo pake si mwayi. Mukaona nyumba ili pakati pa tauni koma mtengo wake uli pansi modabwitsa, kumbukirani chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimenezi zikundifikitsa pa nthaka yeniyeniyo. Pali njira yachitatu imene anthu a ndalama zochepa amatenga pofuna kupha mbalame zonse ziwiri, pafupi komanso potakasuka: kumanga pamene ena anapakana. M'dambo, m'mphepete mwa mtsinje, m'chitunda cha phiri. Malo amenewa amatchipa, ndipo m'mwezi wa Seputembala amaoneka bwino kwambiri. Mu Febuluwale 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira, madzi n'kulowa m'nyumba za anthu ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku, n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja, anthu ali m'tulo. M'dziko lonse anthu oposa 600 anatsimikizika kuti anamwalira, ndipo mazana ena sanapezeke. Akuluakulu amati wadutsa Napolo, monga ananenera ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Sindikuweruza amene anamanga m'phirimo. Ambiri anapitako chifukwa kunali kokhako kumene ndalama zawo zikanafika, kufupi ndi ganyu wa m'tauni. Koma inu amene mukusankha lero, muli ndi ndalama m'manja, mukaona miyala ikuluikulu ili pamwamba pa denga, kapena mukaona mabango ndi nyerere za m'dambo pabwalo, kapena mzere wa matope pakhoma la nyumba yoyandikana nayo, bwererani. Pa nkhani iyi yokha sindikambirana za mtengo.

Ndiye pali mapepala. Apa ndi pamene kutali ndi pafupi zimasiyana kwambiri, ngakhale anthu saziganizira. M'kati mwa mzinda, malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa Zamalo, khonsolo ya mzinda kapena Malawi Housing Corporation, ndipo ambiri mwa malo okhala amaperekedwa pa lizi ya zaka 99. Kumeneko kuli kaundula amene mungapite kukafufuza kuti mwini wake ndani, ngati nyumbayo inaikidwa chikole kubanki, ndiponso ngati pali ngongole ya msonkho wa khonsolo imene mudzaisenze ndinu. Mukangotuluka malire a mzinda, nthawi zambiri mwalowa m'malo a makolo, kumene mapoloti akuluakulu otchipa aja amadulidwa m'minda ya mabanja, umboni wake n'kukhala kalata ya amfumu ndi chidindo. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anatsegula njira yolembetsera malo oterewa, koma kalata ya amfumu payokha si chikalata cha umwini. Nkhani za poloti imodzi yogulitsidwa kwa anthu atatu tazimva kangati? Wagulitsa ndi malume, patapita chaka adzukulu atulukira akuti munda ndi wa amayi athu, malume analibe mphamvu. Kuno kumene mbumba imatsata kuchikazi, funsani kuti eni mbumba avomereza kodi, ndipo asaine nawo. Ngakhale m'tauni momwe, nyumba ya masiye imene akugulitsa ndi mwana mmodzi, ena osadziwa, idzakudyerani ndalama kukhoti kuposa za minibasi zija.

Madobadoba ndisawaiwale. Sikuti onse ndi akuba, ena amathandiza ndithu, amadziwa makwalala onse. Koma dziwani kuti dobadoba amadya pokhapokha malonda atatheka, choncho kwa iye dera lililonse "likutukuka", msewu uliwonse "tala akubwera chaka chino", magetsi ali "pa polo imodzi yokha". Ndiye amakuuzani kuti pali wina wochokera ku Joni amene akubwera ndi ndalama mawa, mukachedwa mwaluza. Wa ku Joni ameneyu ndakhala ndikumumva zaka zambiri, sindinamuonepo nkhope. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Komabe ndikhala wabodza ndikapanda kuvomereza kuti nthawi zina dobadoba amanena zoona. Kutali kwa lero kumatha kukhala pafupi pa mawa. Akuluakulu amene anapita ku Area 25 kapena ku Area 49 kalekale ankasekedwa kuti asamukira kutchire. Machinjiri ku Blantyre inali chimodzimodzi. Lero kuli misika, masukulu, minibasi usiku ndi usana, ndipo ana awo akudalitsa nzeru za makolo. Msewu wolambalala mzinda wa Lilongwe chakumadzulo utamangidwa, minda imene inali m'mbali mwake inasanduka mapoloti a ndalama zambiri. Choncho amene amagula kutali si onse amalira. Kusiyana kwake kuli apa: kugula malo kutali kuti adikire, inu mukukhalabe pafupi ndi ntchito, ndi nkhani ina, kusamutsa banja lero kupita kumene chitukuko chidzafike zaka khumi zikubwerazi, ndi nkhani inanso. Zaka khumi zimenezo mwana amene ali sitandade 1 adzakhala atafika fomu 3, ndipo adzakhala atayenda mtunda wonsewo ndi miyendo yake. Ngati mukufuna kudziwa ngati dera likubweradi, musamvere malonjezo a pa msonkhano wa ndale. Onani ndi maso: mapolo a magetsi ali ndi waya kapena angoima? Ngalande za mapaipi zakumbidwa? Minibasi zimafika mpaka nthawi yanji usiku? Chigayo chilipo, ndipo chimayendera magetsi kapena dizilo? Chigayo sichinama.

Ndipo chinyumba chachikulu chili ndi njala yakeyake. Malata ambiri, penti wambiri, mpanda wautali. Kumalo kwa patalipatali, kumene nyumba zili apo ndi apo ndipo zina n'zosatha, mukachoka nonse m'mawa pakhomo pamatsala pululu, ndiye pafunika mlonda kapena agalu, kapena wachibale wochokera kumudzi amene nayenso afuna kudya. Kwa Chilinde kuja kumene fungo la usipa limalowa kuchipinda, amayi a pakhomo loyandikana amadziwa aliyense wolowa pa geti panu, ndipo mvula ikayamba amakuanulirani zovala. Phokoso ndi miseche ndiye mtengo wake. Ena sangazipirire, ndipo ndikuwamvetsa.

Pali kanthu kamodzi kamene ndimapempha aliyense amene wandifunsa nzeru kuti achite asanapereke ndalama, ndipo sikadula. Pitani kukagona m'deralo, kwa mnzanu kapena pa malo ogona alendo, usiku wa Lamulungu m'mwezi wa Januwale kapena Febuluwale, mvula ili pakati. Lolemba mudzuke nthawi imene muzidzadzuka, muvale nsapato za kuntchito, muyende kuchokera pa geti la nyumba imene mukufunayo mpaka pa siteji, mukwere, mufike kuntchito, muyang'ane wotchi ndi chikwama. Madzulo mubwerere njira yomweyo kutada. Tengani ndi amayi a kunyumba, nawonso ayende ulendo wawo, wa kumsika, wa kusukulu ya ana, wa kumjigo. Ngati kamlatho ka mitengo kamamira, mudzakaona. Ngati akabaza amakana kulowa njira imeneyo usiku, adzakuuzani okha. Ngati nthawi yogula yakupezani m'chilimwe ndipo simungadikire, funsani ana a sukulu kuti mvula ikagwa amadutsira kuti. Safunsa anadya phula.

Msuweni wanga uja ndinakumana naye Loweruka lapitali pa depoti, akudikira minibasi ya ku Mchinji kuti idzaze. Akuti akuganiza zoika alendi m'nyumba yaikuluyo, banja libwerere ku Kawale, koma alendi a kumeneko akutchula ndalama yosakwana ndi theka la lendi ya m'tauni. Akuti mwina angodikira, popeza mapolo a magetsi afika pa sukulu ya pulayimale, ndipo chigayo chatsopano chikumangidwa pa mphambano. Mkazi wake anasiya benchi ya mumsika waukulu, tsopano akugulitsa tomato ndi makala pakhomo, ndipo akuti sizikuyenda moipa kwenikweni. Ana anenepa, amasewera mpira pabwalo lawolawo. Pamene kondakitala ankamenya chitseko, anatulutsa dzanja pawindo n'kundiuza kuti ndipite sabata yamawa ndi thumba, maungu acha ndipo alibe owadya.